Mwana akapita ku yunivesite, mphakati wake ndi uti?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, m'makomo ambiri a ku Mtunthama ndi midzi yozungulira mumayamba masamu. Mabelo angati apita, ngongole ya feteleza idya zingati, ndipo pa zotsalazo mwana amene ali ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda alandira zingati. Makolo amawerengera fizi, lendi, thiransipoti ndi ufa. Chomwe sichilowa m'masamuwo ndi ichi: kodi mwanayo akadwala, akagona ndi njala kapena maganizo akamuchulukira, amagogoda pakhomo la yani?

Kumudzi funsoli silivuta. Banja lachikatolika lili ndi mphakati wake, kagulu ka mabanja oyandikana kamene kamakumana kupemphera ndi kumva mavuto a wina ndi mnzake. Ubatizo wa mwana umadzera kumphakati, wodwala amayenderedwa ndi a mphakati, ndipo maliro akagwa iwo ndiwo amayamba kufika ndi nkhuni ndi ufa. A CCAP ali ndi akulu a mpingo m'midzi mwawo. A Anglican, eni chipatala cha St Andrew's pa Mtunthama pomwepa, nawonso ali ndi dongosolo lawo. Koma tsiku lomwe mwana wakwera minibasi ndi chikwama chake kupita ku sukulu ya ukachenjede, zonsezi zimatsala m'mbuyo. Amakafika kumalo kumene palibe akudziwa kuti ndi mwana wa yani.

Ku Mtunthama kulibe yunivesite, koma ndi malo ochepa m'dziko muno amene mbiri yawo idalukana ndi maphunziro ngati kuno. Ndi kuno komwe Dr Hastings Kamuzu Banda adayambira sukulu ya mishoni pansi pa mtengo wa kachere, ndipo ndi kuno komwe adamanga Kamuzu Academy, yomwe idatsegulidwa mu 1981, kumene ana osankhidwa m'maboma onse ankaphunzira ngakhale Chilatini ndi Chigiriki. Kamuzu yemweyo ndiye adali mkulu wa University of Malawi. Iye ankafuna ophunzira anzeru, aulemu ndi omvera. Mwina sadalotepo kuti tsiku lina ophunzira ake omwewo adzatuluka m'mapemphero n'kuyamba kuguba mumsewu.

Lamulungu pa 8 Malichi 1992, loyamba m'nyengo ya Lenti, m'matchalitchi achikatolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi. Kalatayo idadandaula za malipiro ochepa a anthu apantchito, kuthithikana m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, komanso mantha omwe adatseka pakamwa anthu, kuphatikizapo aphunzitsi ndi ophunzira a m'makoleji. Boma lidati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, adaitanidwa kupolisi ku Blantyre komwe adapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri. Ku Balaka, nyumba yosindikizira mabuku ya ansembe a Montfort, komwe kalatayo idasindikizidwa, idayatsidwa moto.

Akuluakulu ambiri adangonong'onezana m'nyumba. Amene adatulukira poyera msanga adali ophunzira a pa Chancellor College ku Zomba. Patangotha sabata imodzi, ophunzira achikatolika, ndi anzawo a mipingo ina omwe adawatsatira, adaguba mumsewu akuimba posonyeza kuti ali pambuyo pa maepiskopi. Koleji idatsekedwa, ndipo a pa Polytechnic ku Blantyre nawo adachita zionetsero. Mu Epulo boma lidapitikitsa m'dziko muno Monsignor John Roche, yemwe ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, komanso bambo Pádraig Ó Máille, omwe ambiri ankawadziwa kuti bambo O'Malley, wansembe wa ku Ireland yemwe ankaphunzitsa pa Chanco ndi kutumikira ophunzira. Bambowa ndi omwe adathandiza kuti maiko akunja amve msanga za kumangidwa kwa mlakatuli Jack Mapanje mu 1987. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya ndale chabe. Komatu kulimba mtima kwa anyamata ndi atsikana aja sikudagwe kuchokera kumwamba tsiku limodzi. Iwo ankadziwana. Ankagona m'mahositelo amodzi, kudyera m'kafiteriya imodzi, ndipo wansembe wawo sadali mlendo wobwera Lamulungu lokha. Ankamuona m'kalasi ndi m'tinjira ta pakoleji. Munthu suguba pamaso pa apolisi ndi anthu amene sukuwakhulupirira, makamaka m'masiku amene aliyense ankakayikira mnzake kuti mwina ndi kazitape.

Boma la nthawi imeneyo linkadziwa mphamvu ya timagulu totere. Ambuye Patrick Kalilombe, omwe adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, ndiwo adalimbikitsa miphakati kudzera mu sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975. Andale adaona ngati episkopiyo akumanga nthambi za chipani china m'midzi, ndipo mapeto ake adachoka m'dziko muno n'kutula udindo mu 1979. Choncho mphakati womwe lero timauona ngati chinthu wamba cha amayi a korona udali chinthu choopedwa ndi boma. Gulu la ophunzira achikatolika pakoleji, tikaliyang'anitsitsa, ndi mphakati womwewo, kungoti wa anthu amene ali kutali ndi kwawo.

Wophunzira wa lero saopanso apayoniya kapena apolisi achinsinsi. Mdani wake wasintha nkhope, ndipo nthawi zambiri amayambira m'mimba.

Masukulu a ukachenjede achuluka. Kudabwera Mzuzu University, kenaka Bunda idaima payokha n'kukhala LUANAR, MUST idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi idagawidwa, kubala MUBAS ndi KUHeS. Ana ambiri akusankhidwa, ndipo ichi n'chokondweretsa. Koma malo ogona sadakule molingana ndi chiwerengero cha ophunzira, kotero ambiri amachita lendi kunja, monga kwa Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, atatu kapena anayi m'kachipinda kamodzi. Mu 2015 boma lidasiya dongosolo lopatsa ophunzira atsopano alawansi ndipo lidakhazikitsa bungwe lopereka ngongole, lomwe silikwanitsa kuthandiza onse opempha. Mu 2023 fizi m'mayunivesite angapo a boma idakwera kufika pa K650,000 pachaka, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti.

Kwa mwana wa mlimi wa fodya vutoli lili ndi kalendala yake. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, msika ukamayenda kuyambira cha mu Epulo. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, kumudzi komweko nkhokwe ili pululu, ndalama yonse ili m'munda, koma kusukulu lendi sidikira kuti fodya aume. Ndi miyezi imeneyi pomwe wophunzira amadya kamodzi patsiku, mtsikana amayamba kuyankha mafoni a abambo a magalimoto amene amazungulira m'makoleji madzulo, ndipo mnyamata amaponya ndalama yake yomaliza pa juga ya mpira ya pafoni poganiza kuti ibereka. Ambiri sauza makolo. Angayambire pati, akudziwa kuti kunyumba adagulitsa mbuzi kuti iye apite?

Mpingo wa Katolika sunganene kuti nkhaniyi siyake. Malamulo ake, omwe adakonzedwanso mu 1983, pa nambala 813 amalamula episkopi kusamalira ophunzira mwakhama, powapatsa ansembe okhazikika kapena kuwakhazikitsira parishi, ndipo amanenetsa kuti izi zichitike ngakhale pa mayunivesite omwe si a mpingo. Pali zomwe zachitika. Maepiskopi adatsegula Catholic University of Malawi ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006. M'makoleji a boma muli magulu a ophunzira achikatolika, muli misa, makwaya amphamvu ndi masiku a m'bindikiro. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, 17 ndi Akatolika, ndipo ana awo ambiri sali ku Nguludi. Amwazikana m'masukulu a boma ndi ena omwe si a mpingo.

Apa ndi pomwe pali mpata waukulu. Utumiki womwe wakhazikika pa misa ya Lamulungu pakoleji umafikira amene ali pafupi ndiponso amene ali kale achangu. Uja wa kwa Chikanda, amene alibe sopo wochapira malaya ake amodzi, amangodzikhalira m'chipinda, ndipo palibe amazindikira kuti sadabwere chifukwa palibe adalemba dzina lake pachiyambi. Wansembe amene wapatsidwa ophunzira nthawi zambiri amakhalanso ndi ntchito zina, poti ansembe ndi ochepa. Ndiye pali kachizolowezi kena kamene kalowa m'magulu a mipingo yonse: yunifomu ya kwaya, tisheti ya gulu, ulendo wa kunyanja, pepala la zopereka. Zonsezi si zoipa, koma chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo mwana wosauka amamva msanga kuti pano si pake. Gulu limene limatha kusonkha ndalama zogulira zokuzira mawu zatsopano silingalephere kusunga thumba la ufa ndi nyemba la anzawo amene zawavuta pakati pa teremu.

Makolo ambiri achikatolika amadandaula kuti mwana adapita ndi korona m'khosi koma wabwera akuti ndi wobadwanso mwatsopano, ndipo kutchalitchi kwa makolo ake sakufunako. Musanayambe kunyoza mafelosipu, dzifunseni kuti adayamba kugogoda pachitseko cha mwanayo ndani. Magulu amenewa amalandira ophunzira atsopano tsiku loyamba, amawanyamulira katundu, amaloweza mayina awo, ndipo akadwala amakawaona. SCOM, yomwe imasonkhanitsa ophunzira a mipingo yosiyanasiyana, yakhala ikugwira ntchito m'masukulu kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo yaumba anthu ambiri odalirika. N'zoona kuti palinso aneneri ena amene amauza mwana wanjala kuti abzale mbewu ya ndalama kuti akhoze mayeso, ndipo amenewa ndi akuba basi. Koma ngakhale iwo amapeza mpata chifukwa pamalopo padalibe wina.

Njala ya m'mutu nayo ilipo. Mwana amene adasiyira katekisimu pa kulimbitsidwa ali ndi zaka 13 amakakumana ndi aphunzitsi a sayansi, a filosofi ndi a mbiri yakale amene amafunsa mafunso olimba okhudza Baibulo, atsamunda ndi amishonale, ngakhalenso zolakwa za ansembe. Iye amayankha ndi nzeru za ku Tilitonse, ndipo zikamuthera amaganiza kuti chikhulupiriro n'cha anthu osaphunzira. Wansembe kapena sisitere wa pakoleji ayenera kukhala munthu wosaopa mafunso, wokhoza kukhala pansi ndi wophunzira za udokotala kapena za malamulo n'kukambirana naye ngati munthu wamkulu.

Chida chake mpingo uli nacho kale. Ana ambiri amafika ku koleji atadzera mu YCS kusekondale, komwe adaphunzira njira yomwe adayambitsa wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn: kuona, kuweruza ndi kuchitapo kanthu. Mu 1992 ophunzira adaona, adaweruza, nachitapo kanthu pa nkhani ya dziko lonse. Lero kuona kungayambire pakhonde la hositelo: ndani sadadye, ndani wasiya kulowa m'kalasi, ndi mtsikana uti akuopsezedwa kuti alephera mayeso akakana zofuna za wina, ndani wayamba kuyankhula zoti moyo watopa nawo. Zimamvetsa chisoni kuti masiku ano ophunzira amamveka kwambiri akavala nsalu za zipani, atalandira kangachepe, kusiyana ndi pamene akuyankhulira mnzawo amene wabwerera kumudzi chifukwa cha fizi.

Koma tisakankhire zonse kwa ansembe a ku Zomba ndi ku Mzuzu. Mbali ina ya ntchitoyi ili konkuno. Mkhristu akamasamuka parishi amapatsidwa kalata yoti akaperekere komwe akupita. Nanga bwanji mwana wopita ku yunivesite amangochoka chimanjamanja, ngati akupita kumsika wa pa Mtunthama? Kalata ya bambo mfumu kapena ya tcheyamani wa mphakati, yokhala ndi dzina la mwanayo ndi nambala ya foni ya makolo, ingapangitse kuti wina akamuyembekezere. Ndipo mphakati umene umatha kusonkhanitsa matumba a chimanga pa nthawi ya masika ungathe kupatula thumba limodzi la ana ake amene ali kusukulu, n'kulitumiza mu Januwale osati mu Juni.

Kasungu ili ndi mwayi wina. Ansembe a chipani cha Jesuit, omwe amadziwika padziko lonse ndi ntchito ya maphunziro, amatumikira parishi ya St Joseph pa boma, ndipo mu 2015 adatsegula Loyola Jesuit Secondary School, yomwe ana ake oyamba adafika kale m'mayunivesite. Amenewa, pamodzi ndi ena ochokera m'masekondale a m'bomali, ndiwo angalandire ang'ono awo pageti. Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma amatulutsidwa poyera ndi bungwe la NCHE, ndi sukulu yomwe aliyense akupita. Mlembi wa parishi atakhala pansi ndi atsogoleri a miphakati masana amodzi, angathe kudziwa kuti ana awo chaka chino ndi angati, ali kuti, ndipo foni yoyamba aimbire yani.