Makina aziima pamene ululu wayambira

Mumzinda wa Mainz ku Germany, anthu 100 athanzi labwino anavomera kuti awapweteke mwadala. Munthu ankamuika pamakina, kachitsulo kakang'ono n'kumukhudza pathupi, kenaka kachitsuloko n'kuyamba kumukankha pang'onopang'ono, mphamvu ikunka iwonjezeka. M'dzanja lake anali atagwira batani, ndipo anamulangiza kuti akangomva kuti kukankhako kwasanduka ululu, adine. Akadina, makina ankaima nthawi yomweyo. Anayeza motero pamalo 29 a thupi: pachipumi, pakhosi, pachifuwa, pamimba, kuzala, pabondo, pakatumba ndi pena.

Kafukufukuyu anachitika pa yunivesite ya mumzindawo mothandizidwa ndi DGUV, bungwe loona za inshuwalansi ya ngozi zapantchito m'dzikolo. Chinawachititsa ndi maloboti. Sindikunena maloboti a pamsewu ayi, koma mikono yachitsulo ija imene imawotcherera, kunyamula ndi kulongedza katundu m'mafakitale.

Kwa zaka zambiri, loboti ya m'fakitale inkakhala m'khola ngati nkhunzi yolusa. Ankaizinga ndi mpanda wa waya, ndipo munthu akatsegula chitseko, magetsi ake ankaduka. Panali chifukwa chake. Mu January 1979, pa fakitale ya Ford ku Flat Rock, m'boma la Michigan ku America, mnyamata wazaka 25 anakwera pamashelefu kukatenga zipangizo, mkono wa loboti n'kumumenya m'mutu, n'kufera pomwepo. Iyeyo ndiye amatchulidwa kuti munthu woyamba kuphedwa ndi loboti. Mu 2015, pa fakitale ya Volkswagen ku Baunatal, Germany, mnyamata wazaka 22 amene ankathandiza kuimika loboti anapanikizidwa pachitsulo ali m'kati mwa mpanda, ndipo anamwalira. Mu November 2023 ku South Korea, loboti yonyamula mabokosi a tsabola inagwira bambo amene ankaiyang'ana ngati ikuyenda bwino, n'kumufinyira palamba wonyamula katundu. Chitsulo sichisiyanitsa bokosi ndi munthu amene ana ake akumudikira kunyumba.

Masiku ano mpanda uja ayamba kuuchotsa. Kampani ya Universal Robots ya ku Odense, Denmark, inagulitsa loboti yake yoyamba mu 2008, ndipo kuyambira nthawi imeneyo maloboti ang'onoang'ono ogwira ntchito patebulo limodzi ndi munthu achuluka. Ogwira ntchito moyandikana chotere sangalephere kugundana. Ndiye funso linabuka: loboti ikamugunda munthu, imugunde ndi mphamvu yochuluka bwanji kuti asavulale?

Yankho linatuluka mu 2016 m'chikalata cha bungwe la ISO chotchedwa ISO/TS 15066, momwe munalowa zotsatira za ku Mainz pamodzi ndi zofufuza zina. M'menemo muli malire a chiwalo chilichonse. Dzanja ndi zala zikapanikizidwa, mphamvu isapitirire manyutoni 140, yomwe ndi ngati kusanjika ndowa ya malita 14 a madzi padzanja. Pamimba ndi 110, pantchafu 220, pankhope 65 basi, ndipo loboti iyenera kukonzedwa kuti kumutu isafikeko n'komwe. Chikalatachi chimasiyanitsanso kugundidwa ndi kupanikizidwa. Loboti ikakugunda pamalo poti ungathe kudzandira cham'mbuyo, malirewo amaloledwa kuwirikiza kawiri. Ikakufinyira kukhoma, komwe ulibe kothawira, malire ndi omwe aja otsika.

Chimene chandigwira mtima pankhaniyi ndi funso limene anthu 100 aja anafunsidwa. Palibe anawafunsa kuti angapirire mpaka pati. Anawafunsa pamene ululu ukuyambira, ndipo malire anaikidwa potengera pamenepo. Wodina batani msanga sanamutche wamantha. Iyeyo ndiye anathandiza kuteteza mnzake wa m'fakitale amene sadzamuona n'komwe.

Ambirife tinaleredwa mosiyana ndi zimenezi. Tinakula tikumva kuti mwamuna salira, ndipo mayi wopirira ndiye amayamikiridwa. Ndili mwana, amayi ankandituma kukagayitsa chimanga, ndipo pachigayopo panali mnyamata amene tsitsi ndi nsidze zake zinkayera mbuu ndi ufa. Lamba wochokera ku injini ankazungulira poyera, wopanda chotchinga. Tsiku lina lambayo anakola malaya a mnyamatayo n'kumusupula khungu la pamkono. Anang'amba kansanza n'kumanga pabalapo, magazi akudontha pansi pomwe panali ufa. Mwini chigayo atamufunsa, anayankha kuti: "Palibe kanthu, bwana, ndi pang'ono chabe." Amayi amene anali pamzere ndi madengu awo anamutama kuti ameneyu ndiye mwamuna. Sabata yotsatira ndinapeza lamba uja akadali poyera.

Nditakula m'pamene ndinamvetsa kuti mnyamatayo sanangolimba mtima. Ankadziwa kuti akadandaula, kunja kuli anzake ambiri ofuna ntchito yomweyo. Kupirira kwake kunapindulira mwini chigayo, amene sanawononge ndalama kugula chotchinga, ndipo kunasiya msampha wotchera wodzabwera pambuyo pake. Ululu ndi mlonda amene Mulungu anaika m'thupi kuti azikuwa ngozi isanafike pafupa. Tikamutseka pakamwa mlondayo, tisadabwe wakuba akalowa.

Nawo manambala a m'chikalata chija si mankhwala a ngozi zonse. Anthu a ku Mainz anali achikulire athanzi, odziwa kuti kachitsulo kakubwera, batani lili m'manja. Wantchito amene wachezera usiku wonse, kapena amene dzanja lake lili kale ndi bala, sangafanane nawo. Komanso loboti yofatsa chotani ikagwirizidwa mpeni kapena chitsulo chamoto, kufatsa kwakeko kulibenso ntchito. N'chifukwa chake malamulo amafuna kuti aunike ntchito yonse, kuphatikizapo chimene lobotiyo yanyamula, liwiro lake ndi malo amene munthu angapanikizike. Pali njira zinanso zimene ineyo ndimaziona kuti n'zaulemu kwambiri kwa wantchito: loboti imene imachepetsa liwiro munthu akamayandikira, ndi imene imaimiratu akalowa m'dera lake. Kusagundidwa n'komwe kumaposa kugundidwa moyezedwa bwino.

Wina anganene kuti izi n'za kwa azungu, kuno maloboti otere sanafale. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abale athu ambiri ali m'mafakitale ndi m'nyumba zosungira katundu ku South Africa ndi ku Britain, komwe makina oterewa alipo kale. Kunonso tili ndi zigayo, macheka a matabwa ndi makina a m'mafakitale a shuga, tiyi ndi fodya, ndipo lamulo loteteza moyo ndi thanzi la anthu pantchito lakhalapo m'Malawi kuyambira 1997. Chipukuta misozi n'chofunika, koma sichimeretsa chala chimene chaduka.

Pempho langa likupita kwa olemba anzawo ntchito, akapitawo ndi ife tonse amene timaima pamzere n'kumaonerera. Wantchito akanena kuti makina akumupweteka, timumvere tsiku lomwelo, ndipo asaope kuti mawa amuuza kuti asabwerenso. Mnyamata wa pachigayo uja analibe batani lodina. Anali ndi pakamwa pokha, ndipo ife amene tinamutama tinathandiza kupatseka. Ngati anthu ophunzira anatha zaka akuyeza malo 29 a thupi kuti chitsulo chiziima pamene munthu wayamba kumva kuwawa, nafenso tingathe kuzimitsa injini pamene mnzathu wanena kuti "mayo".