Kudula kwa malo ogona ku Mecanhelas: tikukalipira wolakwika

Wotsika sitima pa Entre Lagos ndi wobwera pa minibasi (chapa) kuchokera ku Cuamba amadandaula chimodzimodzi: chipinda chogona ndi mbale ya nsima ku Mecanhelas zadula, ndipo eni malo ogona ndi mabaraka angoti aphe anthu. Mkangano umenewu wafika potopetsa, chifukwa anthu akuweruza mitima ya anzawo pa nkhani imene gwero lake ndi ndalama, mafuta ndi misewu. Mwini malo ogona ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, sapeka mtengo ali pakhonde. Mtengowo umamupeza kuchokera kutali.

Amene amafuula kwambiri ndi abale a ku Malawi olowera pa Nayuchi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi yonseyo metikali inali pakati pa 63 ndi 64 pa dola imodzi. Wageni wa ku Ntaja kapena ku Liwonde akasintha ndalama kwa anyamata a pamalire, amapeza kuti chipinda chomwechija chikumeza makwacha ochuluka, ngakhale mwini wake atapanda kuwonjezerapo metikali ndi imodzi yomwe. Chigamulo chinapangidwa ndi banki yaikulu ku Lilongwe, koma wotukwanidwa ndi mayi wophika nsima.

Nayenso mwini malo ali ndi zake. Mowa wa 2M, mafuta ophikira, sopo ndi simenti yokonzera zipinda zimayenda ulendo wautali kudzera ku Nampula ndi ku Cuamba, ndipo aliyense wonyamula amawonjezerapo yake. Dizilo atakwera mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, zonsezi zinakwera naye limodzi. Mvula ikagwa, misewu ya dothi ya m'bomali imawirikiza vutolo. Ndiwo nazo zilibe chikhazikitso: nyanja ya Chilwa itaphwa kwambiri mu 2018, matemba ndi milamba zinasowa, ndipo wophika anayenera kugula nsomba modula kapena kupha nkhuku.

Chimene odandaula saganizira n'komwe ndi zipinda zogona zopanda munthu. Mecanhelas si Pemba kapena Ilha de Moçambique kumene alendo amapita kukaona malo. Kuno amagona ndi ogula fodya, nandolo ndi nsomba, ogwira ntchito m'boma ndi a mabungwe. Nyengo yogula mbewu ikatha, malo amakhala zii, koma mlonda, wochapa zofunda ndi magetsi a EDM zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Alendo ochepa amene abwera ndi amene amalipirira mabedi opanda anthuwo. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa usana ndi usiku kupita ku Nacala, koma malasha sachita lendi chipinda.

A mbali inayo ali ndi mfundo ziwiri. Amati boma linatsitsa msonkho wa IVA kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu 2023, koma mitengo sinatsike. N'zoona, koma kutsika kumeneko ndi pafupifupi metikali imodzi pa 100 iliyonse. Amene akufuna chenji chake akatenge. Yachiwiri ndi yolemererako: kukakhala msonkhano wa boma kapena wa bungwe, ena amakweza mtengo tsiku lomwelo. Khalidwe limenelo ndi loipa, ndipo limatheka chifukwa malo abwino ndi owerengeka, mlendo alibe kwina kothawira. Nanga ndani amange malo atsopano, chiwongoladzanja cha ngongole za kubanki chili chokwera chonchi?

Kuopseza eni malo kuti atsitse mitengo kudzangotseketsa ochepa amene alipowo. Akuluakulu a ku Lichinga ndi ku Maputo akonze misewu yolumikiza Insaca, Entre Lagos ndi Cuamba kuti izidutsika chaka chonse, ndipo eni malo alembe mitengo yawo poyera pakhomo, ikhale imodzi kwa mlendo aliyense.