Amene anaima pambali pa Kamkwamba ku Arusha

Mu June 2007, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata amene anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, anakwera pansanja ya msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ali ndi zaka 19. Chingerezi chinali chomuvuta, mantha ali tho, ndipo omvera ake anali akatswiri a sayansi ndi zamalonda ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Okonza msonkhanowo anachita chanzeru. Sanamusiye yekha kuti alakatule zoloweza pamtima. Chris Anderson, mkulu wa TED panthawiyo, anaima naye pomwepo n'kumamufunsa mafunso aafupi, zithunzi zikuoneka kumbuyo kwawo: anagwiritsa ntchito zipangizo zanji, kodi anatengera ndendende zimene anawerenga m'buku, makina ake oyendera mphepo amayatsa mababu angati. Funso lililonse linkamubwezera ku zinthu zimene anazigwira ndi manja ake, monga dayinamo, mapaipi apulasitiki ndi fulemu ya njinga, moti mawu ochepa amene anali nawo anakwanira. Apa mpamene alangizi ambiri a olankhula atsopano amaphonya: amalimbana ndi kaimidwe ndi katchulidwe ka mawu, osayamba afufuza chimene munthuyo akuchidziwa kuposa wina aliyense m'holomo. Thandizo silinathere pansanjapo. Tom Rielly wa ku TED komweko anapitiriza kumulangiza ndi kumuthandiza kubwerera kusukulu, mpaka Kamkwamba anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg. Mu 2009, pa TEDGlobal ya ku Oxford, analankhula yekha popanda womufunsa, n'kuwafotokozera omvera za njala ya 2001 imene inamuchotsa pasukulu.