Kugonja kwa Zimbabwe ku England: Phunziro kwa Aphunzitsi

Msewu wochokera ku Blantyre, wodzera pa chipata cha Mwanza ndi ku Tete kufikira ku Harare, watenga ana a Malawi ambiri chiyambire masiku a Southern Rhodesia, ndipo zidzukulu zawo zikali komweko. Chifukwa chake tsoka limene linagwera timu ya kiriketi ya Zimbabwe ku England m'chaka cha 2025 si nkhani ya kutali kwa anthu a ku Mwanza.

Masewerowo anali a Test, ndiwo mayeso aakulu a kiriketi, m'mene timu iliyonse ili ndi maulendo awiri omenya mpira. Anayamba pa 22 May pa bwalo la Trent Bridge, mu mzinda wa Nottingham. Anawaikira masiku anayi, koma anatha pa tsiku lachitatu. Angerezi anapeza marani 565 pa ulendo umodzi wokha. A Zimbabwe anapeza 265 ndi 255, kotero kuti ngakhale powaphatikiza anaperewera ndi 45.

Cholakwa choyamba chinali cha oponya mpira. Pa tsiku loyamba lokha analola marani 498, ndipo Angerezi atatu oyamba kulowa, Zak Crawley, Ben Duckett ndi Ollie Pope, anapitirira 100 aliyense. Kwa omenya mpira, mnyamata Brian Bennett analimba mtima napeza 139, Sean Williams napeza 88 pa ulendo wachiwiri. Koma ambiri a anzawo sanakhalitse. Mutu umodzi susenza denga.

Komabe sikoyenera kusenzetsa osewera mlandu wonse. M'chaka cha 2003 Zimbabwe inagonja chimodzimodzi kawiri ku England, ndipo panapita zaka 22 isanasewerenso Test kumeneko. Mu 2006 inadzichotsa yokha pa masewero a Test kufikira 2011. Mu 2019 bungwe la ICC, loyang'anira kiriketi pa dziko lonse, linaiimitsa miyezi itatu ponena kuti Boma linalowerera pa kayendetsedwe kake. Timu yoleredwa modukizadukiza chotero siingapirire masiku anayi pamaso pa akatswiri. Mlandu waukulu uli ndi akuluakulu oyendetsa masewerowa.

Tsono phunziro lake n'lotani kuno? Malawi sasewera Test. Amasewera kiriketi yaifupi ya T20, ndipo mu November 2019 anapambana Mozambique pa mpikisano wa Kwacha Cup. Chiyambi chimenechi n'chabwino, koma chidzafota ngati mizu yake ikhala m'mizinda yokha. Ku Zimbabwe komweko, kalabu ya Takashinga ya ku Highfield inalera Tatenda Taibu ndi Hamilton Masakadza, amene pambuyo pake anatsogolera timu ya dziko lawo. Luso limapezeka kulikonse kumene kuli mphunzitsi wakhama.

Mlimi wa manachesi ku Mwanza amadziwa kuti mtengo subala chaka chimene waubzala. Amauthirira, nautengulira, nadikira. Momwemonso aphunzitsi a m'boma la Mwanza asayese nthawi ya masewero ngati nthawi yopumula, ndipo ogwira ntchito m'Boma amene amagawa ndalama za sukulu asaiwale mabwalo ndi zipangizo. Dziko limene lifuna ulemu pa mabwalo a kunja liyambe kuufuna pa bwalo la sukulu ya kumudzi, pakuti m'mera m'poyamba.