NYUMBA YA KU HOBHOUSE: ONANI KALATA MUSANAPEREKE NDARAMA

Masiku ano anthu ambiri a pa nchito mu mzinda wa Mutare ali kusunga ndarama kuti agule nyumba kapena puloti ku Hobhouse, kufupi ndi Chikanga. Pakati pao pali ana ndi adzukulu a machona amene anacokera ku Nyasaland ndi ku Tete kudzagwira nchito pa njanji ya ku Beira ndi m'migodi ya ku Penhalonga. Maganizo amenewa tiwayamikira ndi mtima wonse, pakuti munthu wolipira lendi mwezi ndi mwezi amakalamba wopanda kanthu kosiyira ana ace.

Tikumbukire kumene tacokera. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linaika matauni m'cigawo ca Azungu, ndipo lamulo lina la 1946 linalamula kuti wanchito wacikuda apatsidwe pogona cifukwa ca nchito yace basi. Makolo athu a ku Sakubva, lokeshoni yoyamba ya Umtali, analikukhala m'nyumba za Khonsolo monga alendo: nchito ikatha, nyumba yathanso. Zinthu zinayamba kusintha ndithu dziko litalandira ufulu mu 1980, pamene ambiri analoledwa kugula nyumba zimene analikulipirira lendi. Mu 2013 Malamulo akulu a dziko anabvomereza kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe ndi kukhala momwemo, amene kholo lace linali la ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndiye nzika. Cotero mwana wa mchona angathe kutenga citupa ndi kulembetsa nyumba m'dzina lace.

Koma kupereka ndarama sindiko kukhala mwini nyumba iai. Mu 2005, pa nthawi ya Murambatsvina, nyumba zopanda cilolezo zinagwetsedwa m'matauni onse, ndipo bungwe la United Nations linawerenga kuti anthu okwana 700,000 anataya pokhala kapena popezera cakudya. Mu 2018 Boma linaika Woweruza Tendai Uchena kuti afufuze za kugulitsa malo a Boma m'matauni, ndipo lipoti lace la 2019 linaonetsa kuti anthu ambiri anagulitsidwa malo ndi akathyali, opanda mseu, madzi kapena mipope ya zonyansa. Ambiri a iwo sanali opusa. Anangofulumira cifukwa ca kutopa ndi lendi.

Cifukwa cace tipempha awerengi athu amvetse kuti makalata a nyumba ali a mitundu iwiri. Pali title deed, imene imalembedwa ku ofesi ya Deeds ku Harare. Koma nyumba zambiri za m'malokeshoni ziribe kalata imeneyi. Dzina la mwini liri m'buku la Khonsolo, ndipo limasinthidwa mwa njira yochedwa cession, wogulitsa ndi wogula ataonekera onse awiri. Wogulitsa amene akana kupita nanu ku ofesi ya nyumba ya Khonsolo, mlekeni apite, ngakhale mtengo wace ukhale wotsika cotani.

Mukafika ku ofesiko, onani ngati dzina la m'buku ligwirizana ndi la pa citupa. Funsani ngongole ya madzi ndi ya msonkho wa nyumba, pakuti ikapanda kulipidwa idzabvuta inu. Funsaninso ngati Khonsolo inabvomereza pulani ya nyumbayo. Ngati mwini wace anamwalira, mwana mmodzi alibe mphamvu yogulitsa yekha. Pafunika kalata zocokera kwa Master wa High Court. Ndarama zipite m'manja mwa loya, osati kuwerengerana pa khonde la sitolo. Ndipo pitani mukaone malowo nthawi ya dzinja mvula iri kugwa, mukafunse anansi kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kwa Khonsolo ya Mutare tiri ndi mau awa: munthu wofuna kudziwa mwini weniweni wa puloti ayankhidwe msanga, pakuti kucedwa kwa maofesi ndiko kumalemeretsa akathyali. Boma linayamba kupereka ma title deed ku Epworth mu 2023. Nchito imeneyi iyenera kufikanso ku malokeshoni a Mutare.

Potsiriza tilankhula ndi abambo. Polembetsa nyumba, lembetsani maina awiri, lanu ndi la akazi anu. Kale amai amasiye analikutulutsidwa m'nyumba ndi lamulo. Cingakhale camanyazi kuti lero atulutsidwe ndi abale a mwamuna cifukwa ca kalata imene bambo anazengereza kukonza ali moyo.