Anayi Amene Anatsika Pamodzi ndi Mfumu

Usiku wa pa 16 kuchezera pa 17 July 1918, mumzinda wa Yekaterinburg ku Russia, anthu 11 anadzutsidwa pakati pa tulo nauzidwa kuti avale, atsikire ku chipinda chapansi cha nyumba imene anatsekeredwamo. Onse anaphedwa m'chipindamo. Asanu ndi awiri mwa iwo dziko limawadziwa: Nicholas II, mfumu imene inatula pansi udindo mu March 1917, mkazi wake Alexandra, ana awo aakazi anayi, ndi mwana wawo wamwamuna Alexei. Koma inu amene mumalawira tambala asanalire kukasesa pakhomo pa eni, kapena kukathyola zipatso m'munda wa eni, ndikupemphani muwerenge mayina a anayi otsalawo. Eugene Botkin anali dokotala wa banjalo. Anna Demidova anali wantchito wa m'chipinda cha mfumukazi. Ivan Kharitonov anali wophika. Alexei Trupp, nkhalamba ya zaka 62, anali wotumikira mfumu, Mkatolika wochokera ku dera limene lero lili m'dziko la Latvia, munthu wofera kutali ndi kwawo.

Palibe mmodzi wa anayiwa amene analamulapo Russia, kutumiza asilikali ku nkhondo, kapena kulembedwa pa chuma cha banja la Romanov. Chimene anagawiridwa mofanana ndi mabwana awo chinali imfa yokha. Mboni zimati Demidova, amene anatsika atanyamula mapilo, sanafe ndi zipolopolo zoyamba. Anamalizidwa ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti.

Nkhani yawo imakambidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha kukhulupirika, ndipo ine sindikuwanyoza. Amene analerapo mwana wa bwana kumsana amadziwa kuti chikondi chotere si chachinyengo. Chondivuta n'chakuti akuluakulu akamatamanda kukhulupirika kwa wantchito, safunsa kuti khomo lotulukira linatsekeka liti, ndipo analitseka ndani.

Linatsekeka pang'onopang'ono. Poyamba banjalo linasungidwa m'nyumba yachifumu ya Alexander ku Tsarskoye Selo, pafupi ndi likulu, ndipo antchito ambiri anachoka nthawi imeneyo. Mu August 1917 banjalo linasamutsidwira ku Tobolsk, ku Siberia, ndipo antchito makumi angapo anapita nalo mwa kufuna kwawo. Kumeneko zinthu zinayamba kuthina. Kuyambira mu March 1918 boma latsopano la a Bolshevik linaika banjalo pa chakudya cha msilikali wamba, ndi malire a ma ruble 600 pa munthu pamwezi. Ndalama zitachepa chotero, antchito 10 anachotsedwa ntchito. Taganizani: munthu watsatira bwana wake ulendo wa masiku ambiri pa sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi, ndiye tsiku lina akuuzidwa kuti ndalama zatha, adzionere yekha pakati pa chisanu cha Siberia. Ambiri a inu mukudziwa mmene mawu otero amamvekera m'khutu. Chodabwitsa n'chakuti ochotsedwawo ndiwo sanatsike nawo ku chipinda chija.

Banjalo litasamutsidwira ku Yekaterinburg mu April ndi May 1918, ku nyumba ya Ipatiev, ena mwa antchito olowamo anasainitsidwa kalata yovomera kuti akhala pansi pa malamulo a mkulu wa alonda, mofanana ndi banja lomangidwalo. Dzulo anali antchito olandira malipiro. Atasaina anasanduka akaidi. Mawu akuti "ndinu a m'banja mwathu", amene enanu mwawamvapo kwa adona pamene akukupemphani kugwira ntchito Lamlungu, kuno anakwaniritsidwa ndi siginecha.

Pali awiri ena amene sanafike n'komwe usiku wa pa 17 July. Klementy Nagorny, msilikali wa pamadzi, ndiye ankasamalira Alexei, mwana wodwala nthenda imene magazi saleka msanga kutuluka akavulala. Mwanayo akalephera kuyenda, Nagorny ankamunyamula m'manja. Iye ndi mnzake Ivan Sednev anatulutsidwa m'nyumbamo kumapeto kwa May, akuti chifukwa chodzudzula alonda amene ankaba katundu wa mwanayo. Anaponyedwa m'ndende, ndipo patapita masabata ochepa anawomberedwa. Anafera katundu amene sanali wawo.

Yerekezani ndi aphunzitsi awiri a ana a mfumu, Pierre Gilliard wa ku Switzerland ndi Charles Sydney Gibbes wa ku England. Iwonso anafika ku Yekaterinburg, koma sanaloledwe kulowa m'nyumbamo. Anapulumuka, ndipo pambuyo pake aliyense anabwerera kwawo. Gilliard analemba buku la zimene anaona, ndipo zambiri zimene timadziwa za masiku a ku Tobolsk zinachokera kwa iye. Sindikunena kuti awiriwa ankakonda anawo mochepa kuposa Nagorny. Ndikunena kuti anali kunja kwa mpanda, ndipo anali ndi dziko lina lowalandira. Kharitonov anasiya mkazi ndi ana. Iye ndi anzake atangolowa pachipata, njira yobwerera inalibenso.

Ngakhale atafa, kusiyana sikunathe. Mafupa awo anafukulidwa mu 1991, ndipo pa 17 July 1998 antchito anayi aja anaikidwa m'manda pamodzi ndi mabwana awo m'tchalitchi cha Peter ndi Paul ku St Petersburg. Apo ulemu unaperekedwa. Koma mu 2000, pamene mpingo wa Orthodox wa ku Moscow unalengeza mfumu ndi banja lake kukhala oyera mtima, antchito sanatchulidwe, ngakhale kuti nthambi ya mpingowo ya kunja kwa Russia inali itawawerengera kale mu 1981. Mu 2016 Moscow inaonjezerapo dzina limodzi, la dokotala. Wophika, wokonza zovala ndi wa m'chipinda anatsalira pakhomo.

Wina adzati: kodi za mafumu a ku Russia zikutikhudza bwanji ife? Bwana wanu si mfumu, ndipo palibe akubwera ndi mfuti. N'zoona. Koma mabwana amagwa m'njira zambiri: famu imagulitsidwa chifukwa cha ngongole, ukwati umatha, banja limasamukira kutsidya kwa nyanja, mwini nyumba amamwalira ana ake n'kubwera ndi maloko atsopano. Tsiku limenelo, wantchito amene pogona pake, chakudya chake, mapepala ake ndi ndalama zake zonse zili m'dzanja limodzi, amagwa pamodzi ndi dzanjalo. N'chifukwa chake Pangano 189 la bungwe la ILO, la mu 2011, limene South Africa inavomereza mu 2013, limanena momveka kuti wantchito wa pakhomo ali ndi ufulu wosunga yekha pasipoti ndi ziphaso zake, kuti kugona pakhomo pa bwana kukhale kogwirizana osati kokakamiza, ndiponso kuti pa nthawi yopuma sakakamizidwa kukhala pakhomopo. Bwana wabwino sakhumudwa mukapempha pasipoti yanu, mukasunga ndalama m'dzina lanu, kapena mukadziwitsa m'bale kapena bungwe la antchito kumene mukugona. Akakhumudwa, mwaphunzirapo kanthu msanga.

Mmodzi yekha anatuluka m'nyumba ya Ipatiev tsiku lomaliza lija. Anali Leonid Sednev, mnyamata wa zaka 14 wothandiza kukhitchini, amene ankasewera ndi Alexei. Pa 16 July, mkulu wa alonda Yakov Yurovsky anamuchotsa m'nyumbamo, nauza banjalo kuti mnyamatayo akupita kukaonana ndi amalume ake, Ivan Sednev uja. Pa nthawiyo Ivan anali ataphedwa kale.