Tisaloweze Cabe, Tiyese Ndi Manja Athu

Anzanga, ndiloleni ndidandaule pang'ono m'magazini yathu ino za mmene tiphunzirira sayansi. Teremu yatha ife a Fomu 3 tinaloweza mitundu isanu ndi iwiri ya utawaleza, ndipo ambiri tinakhoza mayeso. Koma nditafunsa mnzanga wina wa m'cipinda cathu cogona kuti, "Kodi mitundu imeneyi icokera kuti?" iye anati, "Zimenezo sizibwera pa mayeso." Mau amenewa andibvuta mumtima kufikira lero.

Munthu amene anayankha funsoli ndiye Isaac Newton wa ku England, amene anabadwa m'caka ca 1642. Masiku amenewo anthu anali kudziwa kale kuti kuunika kwa dzuwa kukapyola m'galasi la ngodya zitatu lochedwa prizimu, pamaoneka mitundu yokongola. Koma ophunzira ambiri anali kunena kuti galasilo ndilo lisanduliza kuunika koyera, monga mmene nsalu isinthira ikabviikidwa mu utoto. Ena onse anangobvomereza popeza akuluakulu anatero.

Newton anapeza prizimu yake m'caka ca 1666. Anatseka cipinda kuti mukhale mdima, naboola kabowo pa thabwa lotsekera zenera, naika prizimu pomwepo. Kuunika kunakagwa pa khoma limene linali pa mtunda wa mapazi 22. Iye anayembekeza kuona cinthu cozungulira monga kabowoko, koma anaona mzere wa mitundu, utali wake ngati kasanu kuposa m'mimba mwake. Wina akadangoti, "N'zokongola ndithu," ndi kupita kukadya. Newton anafuna kudziwa cifukwa cake.

Tsono anatenga matabwa ena a timabowo kuti papyole mtundu umodzi wokha, naupititsa m'prizimu yaciwiri. Wofiira unatuluka wofiirabe, wobiriwira unatuluka wobiriwirabe. Galasi silinaonjezepo kanthu. Ndipo pamene anasonkhanitsanso mitundu yonse pamodzi, kuunika koyera kunabwerera. Apa anazindikira kuti mitunduyi iri kale m'kuunika kwa dzuwa, ndipo galasi lingoilekanitsa, cifukwa uli wonse upindika mosiyana ndi unzake: wofiira ndiwo upindika pang'ono kuposa yonse.

M'caka ca 1672 analembera za izi bungwe la anthu a sayansi la ku London lochedwa Royal Society. Ena anamtsutsa, ndipo mmodzi wa iwo anali Robert Hooke, munthu womveka pa nchito ya magalasi. Cimene ndikonda ine n'cakuti Newton anafotokoza bwino lomwe mmene anacitira, kuti ali yense wokayika akayese yekha. Nzeru yomweyi inamthandizanso kupanga telesikopu ya kalilole m'caka ca 1668, popeza magalasi a matelesikopu a nthawiyo anali kuonetsa mitundu yosokoneza m'mbali mwa cinthu cimene munthu ayang'ana. Pambuyo pake, mu 1704, anasindikiza buku lake la Opticks.

Nditawerenga mbiriyi ndinacita manyazi. Loweruka lina m'mawa ndinathira madzi m'beseni langa losambira, ndi kuimika kalilole wanga mopendeka m'madzimo pafupi ndi zenera, pamene dzuwa linali kulowera. Poyamba sipanaoneke kanthu, ndipo anzanga anandiseka nati ndayamba kuombeza. Ndinasuntha kaliloleyo pang'onopang'ono ndi kudikira kuti madzi abate. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwadzidzidzi mitundu inaoneka pa khoma pamwamba pa bedi langa, wofiira mbali ina, wonga wa thambo mbali inzake. Mnzanga uja wa "sizibwera pa mayeso" ndiye anayamba kupempha kuti agwireko kalilole. Tsiku limenelo ndinamva phunziro limene ndinaliloweza teremu yathunthu osalimva.

Ndidziwa kuti ena adzati, "Nthawi yacepa, silabasi ndi yaitali, ndipo makolo athu alipira fizi kuti tikhoze mayeso." N'zoona, ndipo inenso ndidziwa thukuta limene atate wanga akhetsa kuti ndikhale pano. Koma coloweza cimathawa m'mutu mayeso akangotha, pamene cimene munthu waona ndi maso ake cikhala. Funso likabwera motembenuka, woloweza asowa pogwira.

Enanso adzati, "Sukulu yathu ilibe zipangizo zokwanira." Nanga Newton anali ndi ciani poyamba paja? Magalasi awiri, matabwa, cipinda ca mdima ndi dzuwa. Dzuwa ife tiri nalo lambiri kuposa anthu a ku England. Cimene tisowa ndi mtima wofunsa ndi wosacita manyazi pamene cinthu cakanika koyamba.

Conco ndipempha aphunzitsi athu mwaulemu zinthu ziwiri. Coyamba, mutilole tigwire zipangizo zimene ziri m'kabati ya m'labotale. Tidziwa kuti muopa kuti zingasweke, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka, koma tingathe kusankha mmodzi wa a Fomu 4 kuti aziwerenga zonse poyamba ndi pomaliza. Caciwiri, mutipatse ora limodzi Loweruka masana kuti amene afuna azikumana ndi kuyesa zimene tawerenga m'sabatayo.

Kwa inu anzanga ndinena izi: musadikire kuti pempholi liyankhidwe. Beseni muli nalo, kalilole muli naye. Amene akayika zimene ndalemba pano abwere ku cipinda cathu Loweruka likudzali dzuwa lisanakwere, adzaone yekha.